Guluu Wosamata

Chimene anayamba kutulutsa m'chikwama chawo sichinali sowo kapena chitini cha guluu ayi. Inali pensulo, kachidutswa kotsalira kosafika n'kutalika kwa chala, kotafunidwa kumbuyo. Anayeza kuya kwa soketi, n'kulemba kamzere pa paipi pamene soketiyo iyenera kudzafika ikalowa yonse, kenako pensulo ija anaipachika kukhutu. Ine ndinali nditakhala pa njerwa m'mphepete mwa ngalande, mmawa wina wa October kwathu m'tsinde mwa phiri la Zomba, ndili ndi maganizo akuti kulumikiza mapaipi apulasitiki ndi ntchito ya aliyense amene ali ndi manja awiri. Upake guluu, ulowetse, basi.

Bambowa ndi pulambala wakalekale, wa nthawi imene madzi ankayenda m'mapaipi achitsulo okhaokha, pamene kulumikiza kunkalira kusema mazinga, manja ali noninoni ndi mafuta. Masiku ano ntchito yawo yambiri ndi ya PVC, ndipo amaigwira mwaulemu womwe uja ankachitira ndi chitsulo. Sananene kuti ndikhale pansi andiphunzitse. Ndinangokakamira pomwepo.

Kudula kokhako kunanditengera mtima. Paipi ndi chinthu chobulungira, choterera, ndipo sowo imakonda kusochera n'kutulukira pambali. Iwo anang'amba tsamba la nyuzipepala, n'kulikulunga mozungulira paipiyo mpaka m'mphepete mwake munakumana ndendende, kenako anatsata m'mphepetemo ndi pensulo. Mzere wotero sunama. Anadula pang'onopang'ono akutembenuza paipi, ndipo kukamwa kwake kunatuluka kowongoka ngati kwa kapu. Atatero anatenga tupa n'kusenga mlomo wakunja kuti utsetsereke pang'ono, n'kupala tinyenyeswa tonse tam'kati ndi mpeni, n'kuyendetsamo chala ngati mmene mayi amafufuzira mchenga mumpunga.

Ndinafunsa chifukwa chotayira nthawi pa mlomo umene ukabisike m'kati mwa soketi.

“Achimwene, munaonapo mmene chipande chimakokolera nsima mumphika? Mlomo wakuthwa umachita zomwezo. Polowa umakokolola guluu yense n'kukamuunjika kutsogolo. Kunjaku muona ngati zagwira, koma m'kati mwauma.”

Mnyamata wawo wothandiza anabweretsa soketi ataigwira m'kati ndi zala zathukuta. Sanamukalipire. Anangoti, “Iwe, kapukute,” n'kumupatsa kansalu koyera kamene amasunga m'thumba lakelake. Fumbi, mafuta ndi chinyezi ndiwo adani a ntchitoyi, ndipo ngalande ya mu October ili ndi ziwiri mwa zitatuzi mopanda kusowa. Anayesa kaye kulowetsa paipi popanda guluu. Inalowa mpaka cha pakati n'kuuma. Anagwedeza mutu kuvomereza. Soketi imapangidwa mopanikiza pang'ono chakum'kati, choncho paipi yolowa yonse mopanda kulimbana ndi yokhwepa, ndipo guluu sangadzaze mpata umene fakitale inasiya.

Chitini chitatsegulidwa, munthu anasintha. Fungo lake limalasa m'mphuno ngati la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndipo kuyambira pamene latuluka, nthawi imakhala ikuthawa. Dzuwa la October limaumitsa guluuyu pakamphindi. Nkhani zonse zinatha. Burashi inayenda m'kati mwa soketi mopyapyala, n'kubwera pa paipi mokhuthala, mnyamata n'kutseka chitini msangamsanga. Anakankha kamodzi kokha, osaimira panjira, akupotoza pang'ono kuti guluu afalikire ponseponse, mpaka mlomo wa soketi unakhudza kamzere ka pensulo kaja. Apo m'pamene ndinamvetsa ntchito ya kamzereko: m'kati simuoneka, ndiye mboni yokha yakuti paipi yafika kumapeto ndi iko. Ndiye anagwira nganganga, milomo ikuwerenga chamumtima mpaka 30. Ukasiya msanga, soketi yopanikiza ija imalavula paipi pang'onopang'ono iwe osaona. Atamasula manja, pamlomo panali kamkanda ka guluu kozungulira kosaduka paliponse. Anakayang'ana mbali zonse, n'kukapukuta.

Mawu akuti guluu ndi amene anandisocheretsa zaka zonsezi. Tonse timatero, ogulitsa m'mahadiweya amatero, koma chimene chili m'chitinimo sichimata monga mmene guluu wa kalipentala amagwirira matabwa awiri iye n'kukhala pakati. Muli mankhwala osungunula, monga tetrahydrofuran ndi cyclohexanone, osakanizidwa ndi PVC yemweyo wosungunuka kale. Akakhudza paipi amafewetsa khungu lake, amafewetsanso khungu la soketi, ndipo makungu awiri ofewawo akapanikizana amalowererana. Mankhwala aja amauluka n'kupita, chotsala n'chinthu chimodzi. Woumba mbiya amazidziwa bwino zimenezi. Akamawonjezera dongo lonyowa pa dongo linzake saikapo chomatira, amangosisita mpaka malire atasowa.

Bambowa amayenda ndi umboni m'chikwama: chidutswa cha pamene analumikizapo kale, chimene anachicheka pakati m'litali. Anandipatsa kuti ndipeze pamene paipi yathera ndi pamene soketi yayambira. M'mphepete ndinkaona ndithu, koma chapakati chikhadabo changa chinangoterera pa thupi limodzi la see.

Apa m'pamene pagona kuvuta kwa ntchitoyi. Paipi yachitsulo ukalakwitsa umamasula mazinga n'kuyambiranso. PVC alibe chisoni chotero. Elibo ikayang'ana kolakwika, ngakhale pang'ono, mankhwala ake ndi sowo basi, ndipo elibo imeneyo ndalama yake yapita. N'chifukwa chake asanatsegule chitini pamakona, ankayala zonse zouma, elibo, tiyi ndi tizidutswa tapakati, n'kujambula mzere umodzi wodutsa pa paipi kukafika pa elibo. Nthawi yopotoza ikafika, maso sakhalanso pa ngalande kapena pa khoma. Amangokumanitsa timizere tiwiri. Kuganiza konse kumachitika chitini chili chotseka.

Pamene tinkadikira kuti zigwire, ndinatola kachidutswa kotsala n'kumakatembenuza. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti chinthu chimenechi ndi m'bale wake wa mchere. Dzina lake lonse ndi polyvinyl chloride, ndipo pa makilogalamu 100 aliwonse a ufa wake, pafupifupi makilogalamu 57 ndi klorini, amene amapezeka podutsitsa magetsi m'madzi amchere. Mbali yotsalayo imachokera ku mafuta apansi kapena gasi, ngakhale kuti ku China, kumene amapanga wochuluka kuposa dziko lina lililonse, mafakitale ambiri amayambira ku malasha ndi laimu. Klorini ameneyu ndiye amapatsa PVC khalidwe lake. PVC ndi wolemera kuposa madzi, choncho kachidutswa kake ukakaponya m'ndowa kamamira, pamene chivindikiro cha botolo chimayandama. Sagwira moto msanga, ndipo ukamuchotsa pa lawi amazima yekha. Dzimbiri silimudziwa.

Anthu anamupeza asakumufuna, ndipo kwa zaka zambiri anasowa naye chochita. Mu 1872 katswiri wa ku Germany, Eugen Baumann, anapeza zinthu zoyera zolimba zitapangika zokha m'botolo mmene anasungamo vinyl chloride. Mu 1913 mnzake wa dziko lomwelo, Fritz Klatte, analembetsa njira yomupangira, koma malonda ake sanapite patali, chifukwa ufawo unali wamakani: ukautenthetsa kuti uumbike, unkayamba kupsa usanafewe bwino. Amene anatsegula njira ndi Waldo Semon wa kampani ya B.F. Goodrich ku Akron, m'dziko la America, mu 1926. Chondiseketsa n'chakuti iyeyu ankafunafuna guluu, womatira labala ku chitsulo. Guluuyo sanamupeze. Anapeza kuti PVC ukamuphika ndi timafuta tina amasanduka wofewa, wopindika ngati chikopa.

Kuchokera pamenepo ufa umodzi unabala mabanja awiri. Wothira timafuta tofewetsa ndiye amene wakuta waya wamagetsi m'nyumba mwanu, ndiye majombo ovala m'dimba, paipi yothirira maluwa, kapeti wapulasitiki wapansi, chikopa chabodza cha mipando ya m'minibasi, ndiponso thumba limene magazi amasungidwamo kuchipatala limodzi ndi kachubu ka diripi. Wopanda timafutato, amene pa paipi amalembapo kuti uPVC, ndiye wouma gwa: mapaipi amadzi ndi a zimbudzi, timapaipi tobisamo waya m'khoma, mafelemu a mawindo, siling'i, makadi a kubanki. Ngakhale zimbale zakuda zija zimene kampani ya Columbia inayamba kutulutsa mu 1948, zoimba nthawi yaitali mbali imodzi, n'za banja lomweli, n'chifukwa chake amazitcha vinyl. Dziko lonse limapanga matani oposa 40 miliyoni pachaka, ndipo pa mapulasitiki onse amaposedwa ndi awiri okha, polyethylene ndi polypropylene. Mukaona nambala 3 m'kati mwa timivi titatu tozungulira, ndi yemweyo.

Zonsezi bambo aja sanaziwerenge m'buku, koma khalidwe la chinthucho amalidziwa m'manja. Cha m'ma 11 koloko masoketi anatha, kutatsala malo amodzi olumikiza, ndipo hadiweya ili kutali. Anatuma mnyamata kukapala makala kukhitchini. Sanafune lawi, anafuna makala okhaokha ofiira. Anagwira nsonga ya paipi m'mwamba ndithu, akuitembenuza mosalekeza ngati wootcha chimanga chachiwisi, kwinaku akuitsina ndi chala kudzera pa kansalu. PVC amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 80, madzi asanawire n'komwe, ndipo kutentha kukapitirira kwambiri amayamba kuwonongeka. Mpata wa pakatipo ndi wochepa, ndipo iwo alibe choyezera china koma chala ndi maso. Nsongayo itangoti lobodo ngati khutu la mbuzi, mtundu wake usanasinthe, anailowetsa pa chidutswa china chozizira chosengedwa kale mlomo, n'kuiwongola poyang'ana m'litali ndi diso limodzi, n'kuthirapo madzi. Inauma pomwepo itasanduka soketi.

Ndinawayamikira, koma iwo anakana kutamandidwa.

“Iyi ndi ya madzi otuluka kubafa, achimwene, ongoyenda okha. Pa paipi ya mpopi sindingayerekeze. Pamene ndafutukula apa khungu lapyapyala. Ya mpopi timadikira soketi ya kusitolo.”

Ndaonapo amisiri ena akuotcha paipi pa moto wa mapepala ndi majumbo, nsonga n'kuda bii, n'kuikwirira choncho. Pamene pada bii paja PVC watha mphamvu, padzasweka ngati chigoba cha dzira. Utsi wakenso si wabwino. PVC akamapsa amatulutsa mpweya wa asidi umene umaotcha m'maso ndi pakhosi, ndipo akapsera pamoto wa zinyalala amatulutsanso ziphe zina zosachoka msanga m'nthaka. Anyamata amene amaotcha waya kuti apeze kopa wogulitsa amapuma zimenezo. Sindingayamikire chinthuchi n'kubisa mbiri yake ina. Mu 1974 zinadziwika kuti antchito a pa fakitale ya B.F. Goodrich ku Louisville ankafa ndi khansa yachilendo ya chiwindi chifukwa cha mpweya wa vinyl chloride, umene PVC amapangidwa kuchokera ku iwo, ndipo malamulo a m'mafakitale anakhwimitsidwa chaka chomwecho. Kwa nthawi yaitali opanga ankathiramonso mtovu kuti ufa usapse poumba, mpaka mafakitale a ku Ulaya anausiya pofika mu 2015. Paipi yomalizidwa bwino ilibe vuto ndi madzi akumwa. Mavuto ali kumayambiriro kwake ndi kumapeto kwake, kufakitale ndi kudzala. Bambowa tizidutswa tawo tonse anatolera m'thumba, osalola kuti mnyamata atiponye pamakala paja.

Kuopa kutentha komweku ndi kumene kumawaletsa kuika PVC wamba pa madzi a giza. Akapitirira madigiri 60 paipi imayamba kulefuka n'kugonja. Kumeneko kumapita kopa, kapena CPVC, amene ndi PVC wowonjezeredwa klorini kuti apirire madzi otentha. Dzuwa nalo ndi mdani wapang'onopang'ono. Paipi yokhala pamtetete zaka zingapo imayezuka, n'kuuma mopanda kupindika, mwana akaipondapo imangoti phwa. Pamene paipi yathu inatulukira m'nthaka kukwera khoma, anandiuza kuti ndigule penti woyera.

Ngalande ndinakumba ndine ndi anyamata awiri dzulo lake, ndipo ndinkainyadira. Bambowa anatsikamo osavala nsapato n'kuyenda kuchokera kuthanki mpaka kunyumba, akutola miyala imene phazi lawo lapeza. Kamwala kamodzi kosongoka pansi pa paipi sikachita kanthu chaka choyamba. Koma nthaka ikamatsendereza, madzi akamagunda m'kati nthawi iliyonse imene wina watseka mpopi mwadzidzidzi, kamwalako kamakhala kakudya malo amodzimodzi. Anayalamo mchenga wa kumtsinje, paipi n'kugona pamenepo ngati khanda pa nsalu.

Sanaiwongole ngati chingwe cha womanga nyumba. Anaisiya ikupita uku ndi uku pang'ono, ngati njoka yoothera dzuwa, ndipo ine ndinayesa kuti ndi ulesi. Chonsecho PVC amatalika akatenthedwa n'kufupika akazizidwa, kuposa chitsulo kangapo. Paipi imodzi ya mamita 6 imene yagona padzuwa la masana, ikalowa m'nthaka yozizira n'kulandira madzi a m'phiri, ikhoza kufupika ndi sentimita yathunthu. Mapaipi 10 olumikizana ndiye kuti masentimita 10, ndipo ngati unawakoka mowongoka n'kuwakwirira masana, kufupikako kukafunafuna pofooka. Kukhotakhota kuja ndi chakudya cha paipi pa nthawi yozizira. Kukwirira amakuchita mmamawa, chisanu chisanachoke.

Pa thupi la paipi pamalembedwa kukula kwake ndi kalasi yake, ndipo iwo amawerenga zimenezi asanafunse mtengo. Kalasi 6 imapirira mphamvu ya madzi otsika kuchokera pamwamba mamita 60, kalasi 16 mamita 160. Kunja zimaoneka zofanana, kusiyana kuli pa kukhuthala kwa khungu. Kwa anthu okhala m'tsinde mwa phiri nkhani imeneyi si yachilendo. Kuseri kwa phiri lomweli, ku Chingale, n'kumene mu 1968 kunayambira ntchito yotsitsa madzi a m'mapiri kupita m'midzi popanda injini, ntchito imene pambuyo pake inafalikira ku Mulanje ndi m'maboma ena. Anthu a m'midzi ankakumba okha ngalande zamakilomita ambirimbiri. Chimene chinathandiza kuti zitheke ndi kupepuka kwa paipiyi: munthu mmodzi amasenza paphewa paipi ya mamita 6 n'kukwera nayo mtunda umene galimoto singafike, ndipo kulumikiza kwake munthu wa m'mudzi amakuphunzira popanda makina. Koma madzi akamatsika, mphamvu yake imakula mita iliyonse, choncho kumunsi kumafuna kalasi yokhuthala, kapena thanki yapanjira yoti madzi apumiremo n'kuyambanso ulendo. Pamalo okwera mpweya umatsekeredwa n'kuimitsa madzi, pamalo otsika matope amadikha. Woyala paipi ayenera kuliwerenga dziko ndi maso a madzi.

Pa mjigo napo PVC anasintha zinthu mwakachetechete. Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'midzi mwathu ndipo chiyambi chake chili konkuno m'zaka za m'ma 1980, madzi ake amakwera m'paipi ya PVC ya mamilimita 63. Paipiyo anaipanga yotakasuka dala kuti timalabala ndi tizipangizo tapansi tizitulukira m'kati mwake pokoka ndodo zokha, paipi ili m'malo. Mapampu akale a mapaipi achitsulo ankalira gulu la amuna ndi zida zonyamulira kuti asinthe kalabala kamodzi, ndipo kumene madzi apansi amadya chitsulo, ankatulutsa madzi ofiira onunkha dzimbiri. Lero komiti ya mjigo imatha kusintha kalabalako yokha. Koma paipi imene ija yalenjekeka m'dzenje lakuya mamita 30 kapena 40, yodzaza madzi, ikugwedezeka nthawi iliyonse imene mayi akupopa, ndipo chimene chaigwira ndi malo olumikiza omwe aja, ochitidwa ndi burashi ndi manja. Pamodzi pakalephera, zapansi zonse zikhoza kugwera m'dzenje, ndipo kuzivuula ndi ntchito ya masiku. Bambowa anati pa mjigo m'pamene anaphunzirira kuwerenga mpaka 30 mosaba.

Tsiku limenelo madzi sanatsegule. Ndinawachonderera, poti thanki inali yodzaza ndipo akunyumba anali atatopa ndi kutunga.

“Mawa, achimwene. Kunjaku kwauma, koma m'katimo mukadali phala.”

Anabwera mmawa mwake nkhuku zitangotsika. Usiku wonse ngalande inagona yokwiriridwa mwa apo ndi apo, milu ya dothi pakati pa paipi iliyonse kuti isadzuke, malo olumikiza onse ali poyera. Anatsegula mpopi wakumapeto kaye, kenako vavu ya kuthanki pang'onopang'ono, kuti madzi akankhe mpweya m'malo moumenya. Mpopi unatsokomola, unalavula, kenako madzi anayamba kutsika mosadukiza. Anautseka mofatsa kuti mphamvu yonse ikhale m'paipi. Ndiye anang'amba nyuzipepala ija m'tizidutswa, n'kuika kachidutswa kamodzi pansi pa malo olumikiza alionse, chifukwa diso limaphonya dontho koma pepala silibisa.

Tinamwa tiyi ndi mbatata titakhala pa njerwa zomwe zija. Patatha ola anatsikanso m'ngalande, akutola timapepala tija kamodzikamodzi, kukayang'ana kudzuwa, kukaika m'thumba la malaya. Tonse 14 tinali touma. Anatuluka, n'kusasa mchenga kumapazi, n'kuuza mnyamata kuti ayambe ndi mchenga, dothi losefa pamwamba pake, miyala ibwere komaliza.